Mavolti anga 10,000

Chiyambireni kuphikira gasi pakhomo pathu, kanthu kamene kamandisowetsa tulo ndi choyatsira chija. Mulibe batire, mulibe mafuta, koma ukangodina, "tha!", moto buu. Mayi akunyumba amati bola nsima ipse. Ine, amene sayansi ndinaithawa ndili Fomu 2, ndinati zimenezi ndizione ndi maso.

Loweruka lina iwo atapita kumsika ndinachimasula. M'kati munali sipuling'i, kanyundo, ndi kamwala kosaposa njere ya nyemba. Basi. Mnyamata wanga wa Fomu 4 anandiuza kuti kamwalako amakatcha PZT, ndipo kakamenyedwa kamatulutsa magetsi. Akuti Pierre Curie ndi mkulu wake Jacques ndiwo anatulukira zimenezi ku Paris mu 1880, pofinya miyala ya quartz. Ndinamuyankha kuti ndimadziwa kale, ndimangomuyesa.

Ndinakabwereka mita kwa aneba okonza magetsi, ndi bodza lakuti ndikufuna kuyeza batire la wailesi. Pamitapo panalembedwa 600 V, koma ine ndinayesa ndi mtengo wake wakale. Ndinalumikiza mawaya, ndinadina. Manambala anaphethira kamodzi, kenako zii. Ndinaigwedeza, ndinaiuzira mpweya, ndinaiika padzuwa. Maliro.

"Adadi, tengani rula," anatero mnyamata uja, akubisa mano. Magetsi kuti adumphe milimita imodzi mumpweya wouma amafunika mavolti pafupifupi 3,000. Ndiye tinkatalikitsa nsonga za mawaya pang'onopang'ono, titatseka makatani, mpaka kamphezi kabuluu kaja kanalephera kuwoloka. Kanathera pa mamilimita atatu ndi kanthu. Mavolti cha m'ma 10,000, m'khitchini mwanga momwe, pamene soketi ya pakhoma imangopereka 230!

Mayi atafika ndinawachingamira ndi nkhaniyo. Iwo anatula dengu n'kundiyang'ana. "Mavoti 10,000? Bambo, mukanakhala nawo bwenzi muli khansala. Choyatsira changa chili kuti?"

Apa m'pamene ndinafunika kukhala pansi. Koma mnyamata uja anali atanenanso kuti magetsiwo ndi ochepetsetsa ndipo amatha usanaphethire, n'chifukwa chake mita sinathe kuwawerenga, n'chifukwa chakenso sapha munthu. Pofuna kuonetsa mayi kuti anakwatiwa ndi mwamuna wolimba mtima, ndinaika chala pansonga ya waya n'kudina.

Sapha, n'zoona. Koma ndinaitana amayi anga amene anatisiya kalekale, chigongono chinakankha mphika wa nyemba zonyika, ndipo galu wathu anathawa pakhomo mpaka madzulo. Sipuling'i ija inadumphira komwe ikudziwa yokha.

Pano gasi tikuyatsira machesi, ogula ine. Mita ndaikulunga m'nyuzipepala pansi pa bedi. Aneba, ngati mukuwerenga, ndibwera pakutha pa mwezi, koma musandiuzire mtengo pamaso pa ana.