Pulinta Inasamuka Osatsanzika

Okondedwa Alamu,

Kuno ku Joni tilipo, kungoti chisanu cha June chikuluma mpaka m'mafupa. Ndamva kuti mukulengeza pabawo kuti mlamu wanu tsopano ndi injiniya wa makompyuta. Ndati ndilembe msanga mudzi wonse usanayambe kunditumizira mndandanda wa malata.

Ntchito yanga ikadali yomwe ija, kuphika tiyi ndi kukolopa pa ofesi ina ku Randburg. Zauinjiniyazo zinabwera chonchi. Lolemba lina magetsi anazima, paja kuno ankazimitsa mosinthana madera n'kumati load shedding. Atabwera, pulinta inayaka bwinobwino, mapepala odzaza, inki ilimo, koma kompyuta iliyonse inkangoti pulintayo ili offline.

Alamu, mukanaona anthu ophunzira akuzunzika! Mayi wowerengera ndalama anadina Print, zii. Anadinanso, n'kudinanso mwaukali. Abwana anaiwomba khofi m'nthiti. Wina anatsegula kachitseko n'kuuziramo mpweya. Nzeru zitawathera onse anacheukira kwa ine: "Kodi sunazule waya pokolopa?" Chinthu chikavuta pa ofesi, woyamba kufunsidwa ndi wa mopu.

Sankadziwa kuti ine ndinaba kale nzeru. Vutoli litachitika ulendo wina anaitana mnyamata wa IT, ndipo ndinaima kumbuyo kwake ndi thireyi mpaka tiyi kuzizira. Sanakhalitse n'komwe, koma invoisi imene anasiya inaposa lendi yanga ya mwezi. Munthu woteroyo umamuyang'anitsitsa zala.

Nkhani yake ili apa. Pakhoma pali kabokosi ka timagetsi tophethira kotchedwa rauta. Kameneka ndiko kamagawira makina onse manambala, aliyense adiresi yake, amati IP address. Pulinta yathu inali pa 192.168.1.20. Karauta kathu n'koiwalaiwala, moti magetsi akabwera kamayamba kugawa mwatsopano, wofika msanga ndiye woyamba kulandira. Tsikulo 20 inatengedwa ndi foni ya mlonda, pulinta n'kuponyedwa ku 37, pomwe makompyuta ankatumizabe ntchito ku 20. N'chimodzimodzi zija munachita inu zosamuka ku Biwi kupita ku Area 25 usiku, angongole n'kumagogodabe pakhomo lakale.

Ndiye ndinatsamiritsa mopu kukhoma. Ndinayamba ndasuzumira kumbuyo kwa pulinta kuona ngati waya wa netiweki walowa bwino ndipo timagetsi take tikuphethira. Tinkaphethira. Apa ndinaitana onse kuti adzaone ndi maso awo, mopu wanga amasulidwe pamlandu. Kenako ndinadina mabatani a pulinta kuti isindikize tsamba lofotokoza za netiweki yake, poti tsamba limenelo imatulutsa yokha popanda kompyuta. Adiresi yatsopano inali pomwepo. Pa kompyuta ya abwana ndinatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kulemba ping ndi nambalayo. Pulinta inayankha. Mukanandiona ndikulemba ndi chala chimodzi, abwana ali chilili kumbuyo kwanga atagwira kapu yopanda tiyi!

Chotsala chinali kulowa pa kompyuta iliyonse, pamene pamati port, n'kusintha 20 kukhala 37. Laputopu imodzi yokha ndiyo inakanabe. Mwini wake anali pa Wi-Fi ya alendo, imene imakulola kupita pa intaneti koma siikuonetsa makina a mu ofesi. Ndinauzanso abwana kuti rauta imangirire pulintayo pa nambala imodzi, apo ayi magetsi akadzazimanso gule adzakhala yemweyu.

Koma kompyuta siiwala, alamu. Zonse anthu ankadina mwaukali zija zinali zitandanda pamzere kudikira. Njira itangotseguka pulinta inayamba kusanza. Invoisi imodzi ya mayi wa ndalama inatuluka makope 14. Kunatuluka homuweki ya mwana wa wina, ndi pulogalamu ya ukwati yamitundumitundu yomwe inamwa inki yonse yofiira. Pamapeto pake panatuluka CV ya mlembi ndi kalata yake yofunsira ntchito ku kampani ina, ndipo wotolera mapepalawo anali abwana eni ake. Anaiwerenga yonse mpaka pa siginecha. Ine ndinatola mopu wanga n'kukakolopa kukhitchini komwe ndinali nditakolopa kale.

Pano chilichonse chikangolira amakuwa dzina langa, ngakhale ketulo, koma pa pepala la malipiro sipanasinthe kanthu. Ndalama ya fizi ya ana ndatumiza pa Mukuru m'dzina la achemwali anga, osati lanu, zifukwa mukuzidziwa nokha. Akapezeka wobwera pa basi mumupatsire usipa ndi ufa woyera, ndipo usipawo ufike wonse, musaulawe.

Ndine mlamu wanu,
Wa ku Joni