Mapilisi a Azakhali

Dzuwa la Okutobala pa depoti ya Karonga silichitira munthu chisoni, koma mtsikana amene anakhala pa benchi ya mayi wogulitsa mpunga wa Kilombero anali thukuta kamukamu kuposa tonsefe. Kapu ya madzi inkanjenjemera m'manja mwake mpaka ena kutayikira pachitenje. Ine ndinkadikira minibasi ya ku Songwe kuti idzaze, makutu ali tcheru.

"Mwanawe, malungotu awa," anatero mayiwo.

"Ayi amama, andiyeza sanawapeze. Koma mtima ukungogunda ngati ng'oma ya malipenga. Usiku tulo osabwera, m'mimba mwangotseguka."

Atamupanikiza ndi mafunso, anaulula. Ukwati wake uli mu Disembala, ndipo diresi imene anakagula ku Kyela zipi yake ikukana kutseka. Mnzake wina pa WhatsApp anamuuza kuti mapilisi a chithokomiro amasungunula mafuta. Mwayi wake, kapena tsoka lake, azakhali ake anachotsedwa chithokomiro pa opaleshoni ndipo amamwa levothyroxine m'mawa uliwonse. Iye nkumatapako mobisa, awiriawiri.

Bambo wina wachikulire amene ankadikira kuti amusokere nsapato anatembenuka. Malankhulidwe ake ankaonetsa kuti anagwirapo ntchito m'chipatala.

"Mwana wanga, chithokomiro chili pakhosipa ndicho chimalamula liwiro limene thupi limagwirira ntchito. Azakhali ako alibe, ndiye piritsilo limalowa m'malo mwake. Iwe chako chilipo, chikugwira bwinobwino, ndiye ukuwonjezera pamwamba. Sikelo itsika ndithu, koma zambiri zimene zikuchokazo ndi madzi ndi minofu. Ukadzasiya, thupi lidzabwerera."

"Koma agogo, ndatsikatu."

"Muhammad Ali nayenso anatsika. Mu 1980, pokonzekera nkhonya ndi Larry Holmes ku Las Vegas, ankamwa mankhwala a chithokomiro otchedwa Thyrolar. Analowa m'bwalo akuoneka ngati mnyamata, koma manja osadzuka. Itatha raundi ya 10, mphunzitsi wake Angelo Dundee anaimitsa nkhonyayo. Amene uja anali katswiri wa dziko lonse lapansi. Nanga iwe?"

Anyamata a kabaza amene anabisala pamthunzi anaseka, koma bamboyo sanaseke nawo. Anati mankhwalawa akachuluka m'thupi, mtima umayamba kugunda modumphadumpha, zimene zingabweretse sitiroko. Munthu akamwa nthawi yaitali mafupa amafooka. Ku America, anatero, papepala la mankhwalawa pali chenjezo lalikulu loletsa kuwagwiritsa ntchito pochepetsa thupi. Atanena kuti ngakhale msambo umasokonekera, mayi wampungayo anaika pansi mbale yoyezera.

"Wamva? Ukufuna kukalowa m'banja ndi mavuto amenewo chifukwa cha zipi?"

"Ndiye ndingosiya lero basi?"

"Usamwenso, koma usathere pomwepo," anayankha bamboyo. "Mankhwalawa satuluka msanga. Pamatenga pafupifupi sabata kuti theka lake lichoke m'magazi. Pita kuchipatala lero lomwe, paketiyo ili m'manja, ukanene zoona. Akakumvetsere mtima, ndipo ufunse za kuyeza magazi kotchedwa TSH. Ukabisa, azingokusaka malungo amene mulibe."

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Mayi uja ndiye anafunsa funso limene tonse sitinaliganizire.

"Nanga azakhali akowo akumwa chiyani pano?"

Zinadziwika kuti mapilisiwo anatha tsiku lokatenga ena lisanakwane, ndipo azakhaliwo akukalipira ana kuti anawataya. Masiku ano amangogona, akudandaula kuzizidwa m'Karonga muno, nkhope itatupa. Nyumba imodzi, odwala awiri: wina mankhwala amuchulukira, wina amuperewera.

"Mukapite limodzi kuchipatalako," anatero mayiwo akumanga thumba la kasitomala. "Diresiyo ubwere nayo mawa. Mumsikamu muli telala wodziwa kuwonjezera nsalu m'mbali, ndipo palibe mlendo wa paukwati amene adzazindikire."