Malangizo kwa Mngoni Wofuna Kukakhala pa Boti la Thanga

Achimwene, ndamva kuti mbatatesi yayenda malonda chaka chino ku Tsangano, ndipo mwaona pa foni azungu awiri atagona chagada pa boti la thanga, opanda malaya, akuti moyo ndi umenewu. Tsopano nanunso khasu layamba kukulemerani. Sindikuletsani. Ine ndinakwerapo sitima ya pamadzi kamodzi, ndinasanza kuchokera padoko mpaka padoko, choncho pa nkhani za nyanja ku Ntcheu kuno ndine katswiri.

Yambani mwapeza madzi. Kwathu kuno kulibe. Damu la Mpira amamwa anthu mpaka ku Balaka, mukaponyamo boti mukagona kupolisi. Tsikani ndi Khwekhwerere, mudutse pa Golomoti mpaka ku Monkey Bay. Mukachita chizungulire pa makona a Khwekhwerere, tsikani pomwepo mubwerere wapansi, ndalama zanu zapulumuka. Kumbukiraninso kuti makolo athu a Maseko anayenda ndi miyendo mpaka ku Songea, nabwerera kudzakhala pa Domwe, nyanja akungoiyang'ana cham'mbali. Anthu aja sanali opusa. Ndipo mukamva kuti ku Cape Maclear kuli Domwe musati mwafika kwa agogo: chimenecho ndi chilumba.

Pa boti la thanga bwana ndi mphepo. Kuyambira cha mu May mpaka August kumawomba mwera kuchokera kumwera, ndipo udzakutengani ulendo wa kumpoto mwaulere, ngakhale munkafuna kungofika pa Chembe kukagula machesi. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto kudzakubwezani. Tsiku lina kulibe mphepo ndi pang'ono pomwe, mungoti ndwii pakati pa madzi ngati minibasi yodikira kudzaza. Musadandaule, amenewo ndiwo amatchedwa mtendere. Koma mwera musausewere. Mu 1946 namondwe anamiza Vipya, sitima yachitsulo yatsopano, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Boti lanu la mbatatesi ndi chiyani?

Pali luso limodzi limene simufunika kuphunzira. Boti silingalunjike kumene kukuchokera mphepo. Limapita cha kumanja, kenako cha kumanzere, kenako kumanjanso, mpaka lifike. Azungu amalipira sukulu kuti adziwe zimenezi. Inu mwakhala mukuyenda choncho Loweruka lililonse pochokera ku masese.

Za kagonedwe ndi zosavuta. Chipinda cha m'boti n'chochepa kuposa nkhokwe, denga limadontha, magetsi ndi a kasola kamodzi kongokwana foni, chimbudzi ndi chidebe. Mukaonetsetsa, anthu aja amalipira mamiliyoni kuti akhale mmene inu mukukhalira kale kumudzi osalipira kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti nyumba yanu sigwedezeka.

Vuto lenileni ndi nsima. Kuvundula kumafuna manja awiri, lachitatu logwira poto, lachinayi logwira mlongoti kuti musagwere m'madzi. Mulungu anakupatsani awiri okha. Mayi a kunyumba akakana kubwera nawo, ndipo adzakana, zolowerani phala. Tengani kabichi wa pa Lizulu ndi thumba la mbatatesi, chifukwa zimenezi siziwola msanga. Apa pokha Ntcheu ikuposa amalinyero onse a padziko. Nyama iwalani. Ndikudziwa kuti kwa Mngoni mawu amenewa ndi maliro, koma panyanja ndi usipa lero, utaka mawa, usipa mkuja. Chambo mudzachiona pa mtengo umene udzakukumbutsani kuti mbewa ndi ndiwo zaulemu. Tinsomba tokongola ta mbuna ta ku Thumbi ndi Mumbo musatikhudze: ndi ta paki imene UNESCO inailemba m'kaundula wake mu 1984, ndipo tili ndi alonda ambiri kuposa ng'ombe zanu. Mukaona chiutsi chakuda chikufuka pakati pa madzi musakuwe kuti nyanja yapsa. Ndi nkhungu, tizilombo timene anthu a kunyanja amakola ndi madengu n'kuumba ndiwo. Ingoyasamulani.

Kusamba ndi kwaulere, madzi ndi opanda mchere. Ingopewani pa bango pamene pali nkhono za likodzo, pamathiriro a mitsinje pamene pali ng'ona, ndi paliponse pamene mwala waphethira, chifukwa ndi mvuu. Malo otsalawo sambani momasuka.

Nanga tsiku lonse mumachita chiyani? Mumakonza. Chingwe chaduka, thanga lang'ambika, nangula wakodwa pamwala, madzi alowa ndipo mukuwakapa ndi chidebe chomwe chija. Dzuwa likamalowa pukutani thukuta, khalani pafupi ndi tsigiro, mujambulitse mukumwetulira. Chithunzi chimenecho ndiye ntchito yeniyeni. Pakati pa Likoma ndi Cobue ku Mozambique pali anthu amene amayenda ndi thanga la zigamba tsiku ndi tsiku, atanyamula nkhuni, ufa ndi nkhuku, monga ankayendera anthu a Jumbe ku Nkhotakota kalekale. Palibe amene amati ali pa tchuthi. Alibe wowajambula. Inu mukaiwala kamera, anthu adzangoti Mngoni uja wasanduka msodzi wosadziwa kuwedza.

Musanagule boti, yesererani kaye. Mangani ng'ombe ziwiri pa ngolo, mugonemo usiku wonse ikutsika msewu wa Tsangano, mwana wanu azikuthirani ndowa ya madzi ozizira ola lililonse, ndipo chakudya chikhale usipa wosakazinga. Kukacha mtima ukadali pomwepo, gulitsani ng'ombezo mupite. Ziwirizo ndigula ndine, koma mtengo tikambirane musanatsike m'ngolomo.