Ulemu kwa Mlozera, Mfumu Yosanama

Ombani m'manja inu nonse amene munatuwapo ndi fumbi la mulaibulale, pakuti lero tikutamanda mlozera wa nkhani za m'majenale. Ndi chibuku chonenepa, chokhala pakona ya mabuku osabwereketsa, chopanda nthano ngakhale chithunzi. Koma mufunseni za chimanga, malungo kapena chambo. Akuuzani wolemba, dzina la jenale, voliyumu, chaka ndi tsamba lenileni, osaphonya nambala.

Mtundu wake ndi wa ulemu. William Frederick Poole anasindikiza mlozera wake woyamba mu 1848 akadali wophunzira ku Yale. Index Medicus inabadwa mu 1879, Readers' Guide to Periodical Literature mu 1901, Chemical Abstracts mu 1907. Anthu anatha maso kulondoloza nkhani imodziimodzi kuti ife tisavutike. Ndipo sitivutikadi, mpaka tikafike pashelefu.

Apo ndiye pamaonekera ukulu wa mfumuyi. Yanena kuti voliyumu 14, tsamba 233. Mukopera pakapepala, mukwera masitepe mtima uli m'malo. Voliyumu 12 ilipo, 13 ilipo, 15 ilipo. Pamalo pa 14 pali mpata ndi kangaude. Mukafunsa pakauntala akuti inapita kukasokedwa, ndipo amene anaitumiza anapuma ntchito kalekale. Tsiku lamwayi mudzaipeza, koma masamba afika pa 232 n'kudumphira pa 251, chifukwa katswiri wina anadutsapo ndi lezala. Kodi mlozera wanama? Ayi ndithu. Iye anati nkhaniyo ilipo, sanati ili kuno. Ku London ilipo yathunthu.

Kuti musafe ndi chisoni, amakupatsani mng'ono wake, abstract, kandime kofotokoza mwachidule zimene wofufuza anapeza. Kameneka ndi fungo la nyama ya kwa aneba: mudziwa kuti ndi yambuzi, mudziwa kuti athiramo adyo, koma nsima yanu mudyera mchere. Ena mwa ife fungolo linatikwanira. Anzanga apachipinda china, amene kumapeto kwa pepala lanu munandandalika nkhani zodzaza masamba atatu, inu ndi ine tikudziwa kuti iliyonse munalekezera pandime yoyamba. Digiri ija musaope, sitiulula.

Amati intaneti inathetsa zonsezi. Zoona, Index Medicus inasiya kusindikizidwa mu 2004, ndipo lero timafufuza pa PubMed ndi Google Scholar. Komatu mfumuyi inangosintha zovala. Chidule n'chaulere, nkhani yonse ifuna madola. WHO inatsegula HINARI mu 2002, FAO n'kutsegula AGORA mu 2003, kuti mayiko osauka aziwerenga majenale mwaulere kapena motchipa. Chikhalirecho pasiwedi imakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ali kumsonkhano kunyanja. Akabwera, magetsi athima. Akuluakulu ogawa ndalama nawo tiwathokoze: anaona kuti kulipirira majenale chaka ndi chaka n'kuwononga chuma, popeza jenale ilibe matayala, ndiponso siyenda ndi alawansi.

Choncho mlozera alemekezeke, pakuti m'nyumba yonseyo ndi yekhayo amene amagwira ntchito yake mokwanira. Koma inu amene mukusunga voliyumu 14 pansi pa matiresi, chonde bwezani. Ponyani pakhomo la laibulale usiku, sitikufunsani dzina.