Penshoni yanga ili m'miyendo ya ana

Anthu a ku Lusaka amaganiza kuti ife a m'chigwa cha Luangwa timangodziwa njovu, mvuu ndi kutentha kwa mu Okutobala. Sadziwa kuti kuchokera pa Cropping ku Mfuwe kukafika ku Masumba kuli makochi a mpira ambiri kuposa osewera, ndipo mmodzi wa akuluakulu ake ndine. Satifiketi ndilibe, timu ndilibe, ngakhale wezulo ndimachita kubwereka. Ukochi wanga ndinaupeza mu 2017, pa benchi la m'nyumba yoonetsera mpira, nditalipira pakhomo.

Chaka chimenecho Zambia ndiyo inalandira mpikisano wa Africa wa anyamata osapitirira zaka 20. Anabwera matimu asanu ndi atatu, kusewera pa Heroes ku Lusaka ndi pa Levy Mwanawasa ku Ndola, kuyambira pa 26 Febuluwale. Anyamata athu anayamba ndi Guinea, 1-0, chigoli cha Patson Daka. Mali inamwa 6-1, Egypt 3-1. South Africa inavuta mpaka nthawi yowonjezera, pomwe Edward Chilufya anaithyola khosi. Pa 12 Malichi tinakumana ndi Senegal mu fainolo, Daka ndi Chilufya n'kumaliza nkhani, 2-0. Manyuzipepala anatamanda Beston Chambeshi, ndipo sindikukana, munthuyo anayesetsa. Koma amene tinakhala nawo benchi limodzi akudziwa kuti wosewera aliyense amene Chambeshi anamutulutsa, ndinali nditayamba kale ine kukuwa kuti atuluke. Popeza ndinkakuwira onse khumi ndi mmodzi, sindinaphonyepo. Makilomita pafupifupi 700 otilekanitsa ndi Lusaka sanali kanthu.

Amene anakonza ndandanda ya masewerawa sanalimepo kuno. Malichi ndi mwezi umene chimanga chimakhwima, ndipo njovu zimadziwa zimenezi kuposa alangizi a zaulimi. Mwamuna weniweni amagona kumunda ndi chitini ndi tochi, pafupi ndi mpanda wa tsabola. Mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti, "Inu abambo, njovu sizimudziwa Daka wanuyo." Ndinawayankha kuti nkhani ya dziko imayamba, ya banja imatsatira. Chikho tinatenga. Za nkhokwe ya chaka chimenecho tidzakambirana tsiku lina.

Mu fainolo muja munachitika chinthu chimene chinakweza dzina langa. Senegal itapanikizika, mnyamata wawo wina anaponya kanthu mu ukonde wathu, mpira n'kuima kaye anthu akukangana. M'nyumba yonse munali phokoso, ena akuti ndi juju, ena akuti ndi tepi ya pa sokosi. Ndinaimirira n'kufotokoza modekha kuti mankhwala akawoloka madzi amasukuluka, ndipo kuchokera ku Dakar kufika ku Lusaka mitsinje njosawerengeka. Mnzanga wa Chibemba, mbuya wanga amene amandinena kuti ndimadya mbewa pomwe iye ndiwo yake imadumpha m'mitengo, anavomera kuti ulendo uno wa kum'mawa walankhula zanzeru.

Mu Meyi anyamata aja anapita ku South Korea ku mpikisano wa dziko lonse. Anagonjetsa Portugal 2-1, anabweza zigoli ziwiri za Iran n'kupambana 4-2, anatulutsa Germany 4-3, kenako Italy inatiliza 3-2 mu kotafainolo. Masewera ankachitika dzuwa lili m'mwamba kuno, nthawi yotola thonje, choncho thonje nalo linaphunzira kudikira.

Chimene chinandisokoneza mutu chinabwera pambuyo pake. Daka anapita ku Salzburg, kenako ku Leicester City mu 2021. Enock Mwepu, amene tinkamutcha Computer, anafika ku Brighton chaka chomwecho, ngakhale vuto la mtima linamusiyitsa mpira mu 2022 ali ndi zaka 24 zokha, ndipo tsiku limenelo ngakhale ife olongolola tinakhala chete. Koma amene anandilanda tulo ndi Fashion Sakala. Mwana wa ku Chipata, pompano pamene timapita ndi minibasi kukagula malata, anavala yunifolomu ya Rangers ku Scotland mu 2021! Ndinayamba ndafufuza ngati pali ubale. Kuno kum'mawa aliyense ali ndi Sakala wake, ndipo agogo anga aakazi anali ndi mlamu amene ankagula fodya kwa a Sakala ena ake. Nditaona kuti ubalewo sungafike ku banki, ndinacheukira chisamba changa chikudya mango pakhonde, ndipo ndinaona penshoni.

Maphunziro anayamba m'mawa mwake. Ndinamuuza kuti mwana wa m'chigwa ali ndi mwayi umene wa ku Kafue alibe, chifukwa liwiro timaphunzitsidwa ndi njati pa njira ya kusukulu. Ndinamuika kutsogolo. Mwanayu analeredwa bwino, mpira ukamabwera ankaupatsa njira mwaulemu. Ndinamubweza pakati, ankapepesa kwa aliyense amene wamugunda. Kumbuyo ankacheza ndi amene akuyenera kumutchinga, kumufunsa za odwala kunyumba. Pomaliza ndinamuika pagolo, poganiza kuti pamenepo ntchito ndi kuima basi. Tsiku la mpira wa masukulu, chigoli chinalowa iye akuyang'ana kumwamba. Nditamufunsa, anati, "Atate, simunaione nkhwazi ija? Inali yaing'ono, mutu usanayere." Ndinamuuza kuti nkhwazi ili kale pa mbendera, sikufuna thandizo lake, ofuna thandizo ndi atate ake.

Zaka nazo sizinandidikire. Mpira wa achinyamata uli ndi khalidwe loipa lakuti mwana amakula kochi asanamalize mapulani. Ndisanazindikire, mnyamata wadutsa 17, mawu asintha, ndevu zayamba kusuzumira. Apa ndinakumbukira nzeru za makolo. M'masiku athu zaka zinali nkhani yokambirana. Ine ndinasewerera sukulu ya pulaimale ndikumeta m'mawa uliwonse, ndipo ahedi ankangondipempha kuti ndisamalankhule pafupi ndi refa. Timu ya sukulu ina inali ndi goloboyi amene mkazi wake ankamubweretsera madzi pa hafutaimu, mwana ali kumsana, palibe anadandaula.

Masiku ano kunabwera makina. Kuyambira mu 2009 FIFA imaunika dzanja la osewera osapitirira zaka 17 ndi MRI. Pa mfundo ya dzanja pali malo amene fupa limakulira, ndipo akatsekeka kotheratu makinawo amanena kuti bambo awa apite akasewere ndi anzawo. Cameroon pokonzekera mpikisano wa mu 2023 inaunika anyamata 30, ndipo 21 analephera, Samuel Eto'o ali mkulu wa mpira kumeneko. Tisaseke kwambiri, ifenso mu 2016 anatichotsa mu COSAFA ya osapitirira zaka 17 ku Mauritius pa nkhani yomweyi ya zaka. Ine zimandiwawa kuti munthu ungagwirizane ndi ahedi, ungagwirizane ndi anduna a mfumu, koma fupa la mwana wako yemwe n'kukuperekera umboni wokutsutsa.

Komabe makina ali kutali, ndinaganiza choncho, ndani angabwere nawo kuno ku Mambwe? Ndinaiwala kuti m'nyumba mwanga muli makina oopsa kuposa a FIFA. Nditangotchula zochotsako zaka zitatu, mayi a kunyumba anatsegula sutikesi, pansi pa zitenje za ku mwambo wa Malaila, n'kutulutsa khadi la kusikelo. Tsiku lobadwa, kulemera kwake, katemera yense, zonse zili mwa inki. "Amene anamva kupweteka tsiku limenelo ndine, abambo. Inu munali kumpira." Apilo panalibe.

Lero mnyamata uja ndi gaidi. Anakhoza mayeso, amayendetsa alendo mu South Luangwa, kuwaonetsa akambuku ndi mbalame zomwe zija zinkatidyetsa zigoli, ndipo alendowo amamuthokoza ndi ndalama zakunja. Ndikamauza anzanga pa benchi kuti maso akuthwawo ndinamuphunzitsa ndine pomuika pagolo, amayang'ana pa sikirini.

Koma kochi sapuma. Mu 2024 Racheal Kundananji anagulidwa ndi Bay FC ya ku America pa mtengo umene panthawiyo panalibe mkazi anagulidwapo, Barbra Banda n'kupita ku Orlando Pride, chaka chomwecho n'kusankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Africa. Ndinayang'ana chitsirizira changa, mtsikana amene anathyola chitseko cha khola ndi shoti imodzi pothamangitsa mbuzi. Uyu ndiye. Khadi lake la kusikelo ndaliona ndi maso anga, zaka zili bwinobwino, fupa lingalankhule mmene lingafunire.

Ndinamuitana n'kumufotokozera za Orlando, za ndege, za nyumba ya malata achikuda imene adzamangire atate ake. Anamvetsera mpaka kumapeto atagwada, kenako anati, "Ndamva, atate. Nsapato za mpira kaye, ndi bola yeniyeni, osati ya mapepala. Ndiponso kochi ndikufuna wina."

Za kochi winayo tikukambiranabe. Za nsapato ndatumiza uthenga kwa gaidi kuti andikongoze, ndidzabweza mlongo wake akasaina.