Komwe ndimagona boma silikudziwa, Achimwene

Diepsloot, Johannesburg

Okondedwa Achimwene,

Ine kuno ndili gwa, kungoti chisanu cha Juni chatisweratu milomo.

Uthenga wanu ndaumva, woti Amayi akufuna adiresi yanga kuti zikadzavuta adziwe kokanditola. Muwauze kuti funso lawolo boma la kuno nalo limafunsa, ndipo yankho limene limalandira limatengera amene wafunsa. Maadiresi ndili nawo ndithu, aliyense ndi ntchito yake. Komwe ndimagonadi ndiye kulibe.

Kwathu mlendo wofuna inu amangotsika pa Boma n'kulunjika ku Linga. Akafika pamsikiti, mwana aliyense amuperekeza mpaka pakhonde panu, n'kumuuziratu ndiwo zomwe munadyera dzulo. Kuno munthu sukhala pamalo mpaka pepala litavomera. Pali lamulo lotchedwa FICA, la 2001, limene limachititsa a banki kufuna kudziwa komwe umakhala usanatsekule akaunti. Lina ndi RICA, la mafoni: simukhadi iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso chako komanso adiresi, ndipo mu 2011 manambala osalembetsa anawadula. Umboni womwe amaukonda ndi bilu ya magetsi kapena ya madzi yokhala ndi dzina lako. Tsono magetsi a mumkukhu mwangamu amabwera pa waya wochokera kwa landilodi, ndipo komwe landilodi anautenga wayawo anthu aulemu safunsa. Biluyo ilembe dzina la yani?

Ndiye timathawira ku afidaviti. Umapita ndi landilodi kupolisi, iye n'kukalumbira kuti umakhaladi kuseri kwa nyumba yake, wapolisi n'kumenya chidindo. Landilodi wanga ndi mayi wopemphera, koma amakumbukira kuti ndimakhala kwake pokhapokha lendi ikakhala yolipira. Titapita, tinapeza bambo wina maso ali pa mpira wa pafoni. Anadinda osawerenga, chidindo n'kugwera chozondoka, ndipo mpaka lero pepalalo likugwira ntchito. Mnzanga wa ku Dwangwa anatenga pepala lofanana ndendende ndi langa, koma anagwa m'manja mwa wina amene anawerenga mpaka kuseri kopanda zolemba, n'kumubweza ati nambala ya nyumba siyikuoneka bwino. Nambalayo, Achimwene, tinailemba tokha pachitseko ndi penti yotsala kwa abwana. Lamulo ndi limodzi, koma lili ngati nyanja yathu: m'mawa bata, masana mwera, ndipo palibe amakuchenjeza.

Za foni ndiye musaseke. Mukalowa m'sitolo yaikulu amafuna pasipoti ndi umboni wa adiresi, nkhope zili gwaa. Mukatuluka panja, pa renki ya mataxi, mnyamata akugulitsa masimukhadi olembetsa kale, atawayala pakatoni pambali pa maswiti. Nambala imene mumandiimbirayi, m'mabuku a kampani ndi ya munthu amene sindinamuonepo. Kaya ali ku Durban, kaya anatisiya kale. Mukamaimba muzimupatsako moni.

Chinandikomera n'chakuti lamulo la RICA lomwelo limati wokhala m'mikukhu angathe kupereka adiresi ya sukulu, tchalitchi kapena sitolo komwe amalandirira makalata. Ife izi tinayamba kalekale, paja makalata a mudzi wonse ankafikira kusukulu, ahedi n'kumaitana mayina pa asembule. Kuno ambirife tinalemba spaza ya m'bale wina wa ku Somalia. Boma litati liwerenge bwino mapepala ake, lipeza kuti theka la Nkhotakota limagona m'kasitolo kamodzi, pakati pa matumba a ufa ndi makatoni a sopo. Mwini wake sadandaula, bola tizigula buledi kwa iye.

Paja agogo ankasimba za Wenela, kuti mgodi unkadziwa komponi yawo, chipinda chawo, ngakhale bedi la simenti lomwe ankagonapo. Ife zidzukulu amatifunsa adiresi paliponse, koma wobwera kudzaona ngati tinanena zoona sindinamuone. Apolisi akabwera, sabwera ndi adiresi m'manja. Amabwera ndi vani, n'kugogoda mzere wonse, ndipo chomwe amafuna ndi pasipoti. Lamulo la olowa ndi otuluka la 2002 limawalola kufunsa munthu aliyense kuti asonyeze ngati ali m'dziko movomerezeka. Wina akaona chidindo amakubwezera pasipoti ndi ulemu. Wina amayamba kudandaula za ludzu, ngakhale kukuzizira chonchi, ndipo ludzu lakelo silimva madzi. Wopanda mwayi amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, komwe amasungira odikira kudipotedwa. Adiresi imeneyo yokha ndiyo boma siliikayikira, ndipo sipafunika landilodi wokulumbirira. Za mapepala anga tidzakamba pamaso, kalata imadutsa m'manja ambiri.

Mwatinso chitsirizira wathu uja watopa ndi kukoka chilimira, akufuna abwere. Abwere, koma mumuuze izi. Pasipoti ya Malawi amaipatsa masiku 30 basi, ndipo ameneyu ndi mlendo, si wantchito. Kuyambira 2014, ukapyola masiku ako amakuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapyola osaposa masiku 30, zaka 5 ngati wapitirira apo. Pa masikuwa kompyuta ndiyo imawerenga, ndipo siyionera mpira. Pa Beitbridge angamufunse komwe akukafikira, ndiye asayankhe kuti "kwa achimwene anga," poti Joni yense ndi achimwene okhaokha. Adiresi ya spaza ndimutumizira pa WhatsApp, ailoweze pamtima kuyambira pa Mwanza mpaka pa Nyamapanda. Ya abwana anga ku Fourways asaiyerekeze n'komwe, kumeneko agalu ndi alonda amatsata lamulo tsiku lililonse. Abwere ndi jekete lochindikala, osati lija amapita nalo ku Chia.

Ndalama ya malata ndatumiza Loweruka. Mukaitenge nokha, musatume mlamu wathu wa ludzu uja, ndipo risiti ya malatawo mundijambulire. Transipota akamanyamuka mumupatsire usipa wouma bwino ndi ufa wa kondowole. Moni kwa amfumu ndi onse a pamudzi.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni