Amene akulira akupuma

Pa Lizulu, pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, munthu ukatsika minibasi sufuna wailesi, nkhani zimakupeza zokha. Ine ndinatsikira kachewere wa ndowa imodzi. Uku kabichi, uku tomato, tsidya la msewu ndi Mozambique kale. Ndili mkati monenerera mtengo, kunamveka kuti khwiii, kenako phwa! Njinga ya kabaza yawombana ndi kagalimoto kamene kamakhota.

Msika wonse unasamukira pamsewu. Nane, ndisaname, ndowa ija ndinaisiya.

Ovulala anali awiri. Mayi amene anakwezedwa anali khale m'mbali mwa tala, magazi chuchuchu pamsongolo, akulira mokweza: "Mayo ine, ndafa!" Mnyamata wa kabaza anali gone chagada, chipewa chili kumutu, ali zii.

Madokotala anabadwa pomwepo. Bambo wina anathamangira botolo la madzi. Wina akuti, "Muvuleni chipewacho apume!" Anyamata oitanira anali atagwira kale miyendo kuti amuponye m'bodi ya lole ya kabichi, achinyamata ena mafoni m'mwamba, kujambula. Mwayi wake gogo wina wa jekete la sukulu anakuwa kuti, "Musamunyamule, ndaimba 118!" Iyi ndi nambala yaulere yoitanira ambulansi pakagwa ngozi. Anyamata aja anatula miyendo pansi monyinyirika, ngati awalanda ganyu.

Ambulansi itafika munatsika awiri, mtsikana ndi mwamuna wa ndevu, magolovesi ali kale m'manja. Mtsikanayo anangomuyang'ana kamodzi mayi wolira uja n'kumudutsa. Khamu linang'ung'udza.

"Asisi, wovulala ndi uyu akulirayu!"

"Amene akulira akupuma, mayi," anayankha osatembenuka.

Anagwada kumutu kwa mnyamata uja, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri ngati wanyamula mphika wodzaza. "Achimwene, mukundimva? Musagwedeze mutu. Dzina lanu ndani?" Anatchera khutu pafupi ndi pakamwa, maso ali pachifuwa kuona ngati chikukwera ndi kutsika. Chipewa anachivula awiri, pang'onopang'ono, wina atagwira khosi. Kenako zala pamkono kumva kugunda kwa mtima, katochi m'maso, kolala yolimba m'khosi. Bambo wa botolo anasendera pafupi mwaulemu wake.

"Ayi bambo, zikomo, asamwe kanthu. Angatsamwe, komanso mwina akalowa ku fiyeta."

Wandevu anali atafika kwa mayi uja. Anaika thonje pabala, n'kukodola kondakitala wina amene amalongolola kuposa onse. "Aise, vala golovesi iyi. Finya apa, osasiya, osasuzumira." Kondakitala anafinya, nkhope ili gwa, pakamwa patatsekeka koyamba tsiku limenelo.

Ndinaima pamenepo n'kumaganiza za chifundo chathu. Sitidutsa munthu atagwa, ndipo ichi n'chabwino. Koma chifundo chathucho chili ndi manja othamanga. Mkati mwa mafupa a khosi ndi msana mumadutsa mtsempha umene umauza manja ndi miyendo chochita. Fupa likasweka, inu n'kumunyamula munthu ngati thumba la chimanga, mutu uli lendelende, mukhoza kumaliza ndi manja anu zimene galimoto inasiya. Awa a ambulansi sachiza munthu pamsewu. Ntchito yawo ndi yoti mpweya uzilowa, magazi asiye kutayika, khosi lisagwedezeke, munthu akafike kuchipatala asanaonjezereke bala lina. Ndipo theka la ntchitoyo, monga ndinaonera, ndi kukana mwaulemu thandizo la anthu okoma mtima, n'kuwapatsa lina loti achite.

Anyamata oitanira aja ganyu yawo inabwerera. Anawandandalika mbali imodzi, mtsikana ali kumutu. "Ndikati tatu, titembenuze pamodzi ngati chipika. Wani, thu, tatu!" Thabwa linalowa kunsi, malamba n'kumanga. Mnyamata anatsegula maso n'kufunsa funso limodzi lokha: "Njinga ili kuti?" Khamu lonse linaseka, amayi ena mpaka nthungululu.

Wandevu anali pafoni, akuuza a kuchipatala zimene zikubwera: anthu awiri, wina wamenya mutu koma wayamba kuyankhula, wina bala lamwendo. Mtsikana analemba nthawi pa pepala, chitseko n'kutsekeka.

Kondakitala anatsala akuyang'ana golovesi yake, osafuna kuivula. "Mwaona mmene ndinagwirira? Magazi anaima nji!" Bambo wa botolo analiyang'ana botolo lake, n'kumwa yekha madziwo.

Nditabwerera ku ndowa yanga, mayi wogulitsa anali atakhala kale pamalo pake, akupukuta manja pachitenje.

"Ndiye tinalekezera pati, bambo? Koma mtengo ndi womwe uja."